Maphunziro a Chisipanishi a pa foni: amandiombetsa m'manja ngati wa sitandade 1

Patha miyezi inayi ndikuphunzira Chisipanishi kwa mayi wina wa ku Valladolid, mzinda wa ku Spain, kawiri pa sabata, pa vidiyo. Ndinawafunafuna nditachita manyazi kulesitilanti ina kuno ku Valencia. Ndinkafuna kunena kuti mnzanga walipira kale, pagó, koma pakamwa panatuluka pago, kutanthauza kuti ndilipira ndine. Woperekera zakudya anangobwera ndi kamakina kolipirira.

Tsiku loyamba sanatsegule buku. Anandilembera aneni khumi n'kundiuza kuti ndiombe m'manja pa phatikizo lililonse: ha-blar, co-rrer, cons-truir. Ndinaseka, ndakumbukira a-e-i-o-u wa kupulayimale. Koma anagwira vuto langa msanga. Ife m'Chichewa timakoka phatikizo lotsatira lomaliza kuchokera kumapeto, ndipo phatikizo lililonse timalitseka ndi lembo la liwu, n'chifukwa chake ndinkati "konisitiruwiri". Chizolowezi chokoka chija chimandithandiza pa mawu othera ndi lembo la liwu, n kapena s, monga hablo ndi comen. Chimandigwetsa pa habló, comeré ndi estás, pomwe mphamvu ili kumapeto ndipo kachizindikiro kosonyeza mphamvuyo kali pamwamba pa lembo la liwu.

Phunziro limene ndinaona kuti ndalama yanga yagwira ntchito linali la continuo, continúo ndi continuó. Malembo omwewo, matanthauzo atatu. Anandibwerezetsa mpaka mwana wanga anatulukira kuchipinda kudzaona ngati mutu wanga uli bwino. Kenako sa-bia, mkazi wanzeru, ndi sa-bí-a, ndinkadziwa, pomwe kachizindikiro kamang'amba phatikizo limodzi kukhala awiri. Anandisonyezanso kuti ukalumikiza tinthu kumapeto kwa mneni mphamvu sisuntha, ndiye di amasanduka dímelo.

Chondidandaulitsa n'choti akafika pa malamulo a kalembedwe amathamanga. Zoti fue, dio ndi vio salembedwa ndi kachizindikiro, komanso kuti Real Academia Española, akademi yoyang'anira Chisipanishi, inachotsa cha pa rio (anaseka) ndi hui (ndinathawa) mu 2010, anangozitchula mphindi ziwiri ola likutha. Zotsalazo ndinakadzifufuzira ndekha mu dikishonale ya akademiyo yaulere ya pa intaneti, yomwe imasonyeza mneni aliyense mu nthawi zonse. Kawirinso mayiwa anasintha tsiku la phunziro atandiuza m'mawa womwewo.

Ndalipiriratu mwezi wina. Sabata yamawa tiyamba cantara ndi cantará.