Miyezi 9 ndikudzola tretinoin pa zipsera za ziphuphu

Ndinayamba kudzola tretinoin, mankhwala a ziphuphu ndi mawanga a pakhungu, mu February, dokotala wa matenda a pakhungu kuno ku Blantyre atandiyang'ana nkhope n'kundiuza kuti zimene ndinkazitcha zipsera zinali za mitundu iwiri: mawanga akuda amene chiphuphu chimasiya chikapola, ndi timaenje timene timatsala khungu likawonongeka mkati, makamaka kwa ife amene tinkakonda kufinya ziphuphu. Anandichenjeza kuti mankhwala odzola amachotsa mawanga pang'onopang'ono koma timaenje sitimva mankhwala otere, ndipo lero ndikuvomereza kuti ananena zoona.

Masabata 6 oyambirira anali owawa. Khungu linkafunduka m'mbali mwa mphuno ndi kuzungulira pakamwa, ndipo ndikasamba kumaso kunkanyerenyetsa ngati ndadzipaka tsabola. Mlandu unali wanga, chifukwa ndinkadzola usiku uliwonse komanso mochuluka, pamene anandiuza kuti ndiyambe ndi kadontho kofanana ndi njere ya nandolo, katatu pa sabata, pakhungu louma bwino. Nditatsatira malangizowo n'kumawonjezera mafuta ofewetsa khungu, zinthu zinakhazikika, ngakhale mwera wa mu June unandiumitsanso masaya kwa kanthawi.

Chimene sindinkachiwerengera, koma chomwe chathandiza kwambiri, ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa a SPF 50. Ambiri timaganiza kuti khungu lakuda silifuna zimenezi, koma dzuwa ndi limene limadetsa mawanga, ndipo tretinoin amachititsa kuti khungu lisachedwe kupsa. Mafuta oyamba amene ndinagula ankandiyeretsa nkhope ngati ndachokera kuchigayo, mpaka ndinasintha mtundu. Mu October anandithera kwa masabata awiri, ndipo kungodikira minibasi padzuwa la masana ku Limbe kunakwanira kubwezeretsa mawanga a patsaya la kumanzere amene anali atayamba kuzimiririka.

Pofika pano mawanga a pachipumi ndi pachibwano atsala pang'ono kutheratu, ndipo ziphuphu zatsopano zimabwera mwa apo ndi apo. Timaenje ta m'masaya tilipobe, ndipo timaonekera bwino ndikaima pafupi ndi zenera m'mawa. Dokotala anati timeneti timafuna njira zina monga microneedling, yobaya khungu ndi tisingano ting'onoting'ono kuti lipange mnofu watsopano, kangapo motalikitsa masabata 4 mpaka 6, ndipo anayamba wandifunsa ngati ndimachita zipsera zotupa ndikavulala. Ndalama zake sindinazipeze.

Amayi oyembekezera kapena amene akufuna kutenga pakati sayenera kudzola tretinoin. Za mafuta oyeretsa khungu a m'misika, ine ndinawayesapo zaka zapitazo ndisanadziwe kuti ena amakhala ndi mankhwala amphamvu otchedwa steroid monga clobetasol, ndipo mawanga ena amene ndikulimbana nawo lero anachokera ku ziphuphu zimene mafutawo anandibutsira.