arXiv, nkhokwe ya kafukufuku yomwe ndimayenda nayo pafoni

Ndimaphunzitsa fizikisi pa sekondale ina kuno ku Dedza, ndipo arXiv, webusayiti yosungira mapepala a kafukufuku wa sayansi, yandithandiza kwabasi. Paul Ginsparg anaiyambitsa mu 1991 ku labotale ya Los Alamos ku America, kenako inasamukira ku Cornell University. Mapepala a kafukufuku mumatsitsa ulere, bola mukhale ndi bandulo.

Usiku wina mu June, chisanu chikuluma zala, ndinafunda bulangete n'kumawerenga pa arXiv za soliton, funde loyenda lokha osaphwasuka. John Scott Russell analiona mu 1834 mu ngalande ina ku Scotland, mpaka analithamangira atakwera hatchi. Korteweg ndi de Vries analemba masamu ake mu 1895. Chomwe chinandigwira mtima n'chakuti mu 1980 Mollenauer ndi anzake anaona funde lotere, koma la kuwala, likuyenda mu fiber, kachingwe kagalasi kodutsa kuwala. Madzi ndi kuwala, masamu ake n'ngapachibale!

Dziwani kuti mapepala ambiri amaikidwapo akatswiri ena asanawaunike, ndiye muziwerenga mosamala. Ena ndi ovuta kumva zedi. Ine ndimayamba ndi olembedwera ophunzira.

M'mawa mwake ndinasimbira ana a Fomu 4 nkhani ya hatchi ija, m'kalasi monse munangoti zii.