Ndemanga yanga pa maphunziro oyendetsa bizinesi a ku Limbe

Ndili ndi shopu yosoka ku Ndirande, matelala anayi ndi mtsikana wothandiza kusita ndi kuika mabatani. Miyezi yapitayi ndinalipira maphunziro a utsogoleri ndi kayendetsedwe ka bizinesi omwe ankachitikira mu holo ina ku Limbe Loweruka lililonse. Amayi anzanga a banki m'khonde akhala akundifunsa ngati ndalama yake ikuyenera. Ine ndikuti pitani, makamaka ngati muli ndi antchito. Ngati mumagulitsa nokha pa benchi, theka la zimene amaphunzitsa silikukhudzani.

Chimene chandipindulira kwambiri ndi phunziro la kugawa ntchito. Mphunzitsi wathu, bambo wachikulire amene anayendetsapo shopu yakeyake, anatifunsa kuti, "Mukapita kumaliro kumudzi sabata yathunthu, bizinesi imatsala ndi ndani?" Holo yonse inangoti zii. Ambirife kiyi, ndalama, miyezo ya makasitomala, zonse zimakhala m'chikwama ndi m'mutu mwathu. Anatiphunzitsa kusankha munthu mmodzi, kumuuza pamaso pa anzake kuti mbali yakutiyakuti ndi yake, kenako osamulanda ntchitoyo akangophonya kamodzi. Kwa ine kudula nsalu ndi buku la miyezo ndinapatsa telala wamkulu. Pano chitenje chilichonse chikalowa timachibaya kapepala ndi pini: dzina, tsiku lodzatenga, ndalama yomwe yaperekedwa, yotsala, ndi amene akusoka. Mu Seputembala, sukulu zikutsegulira, mayunifolomu anali mulu mpaka pawindo, koma palibe kholo lomwe linabwerera chimanjamanja.

Nkhani ya achibale pa ntchito anaikamba mosapsatira, ndipo ndinawakonda nayo. Mwana wa achemwali akachedwa, ena onse amayang'ana kuti muchita naye bwanji. Malangizo awo anali oti lamulo likhale limodzi kwa onse, ndipo podzudzula muitanireni munthu pambali, osati pamaso pa kasitomala. Zimamveka zazing'ono, koma ine ndaona matelala aluso akusiya ntchito chifukwa chongokalipiridwa pagulu.

Za ndalama nazo zinali bwino. Anatiuza kuti tidzilipire tokha malipiro a pamwezi, ndipo nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya shopu ikhale yosiyana ndi yogulira ndiwo. Pa kaikidwe ka mitengo anatikumbutsa za Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mmene ambiri anagulitsira katundu pa mtengo wakale n'kulephera kukaodanso. Tsopano ulusi, zipi ndi layiningi ndimawerengera pa mtengo umene ndikagulire mawa ku Limbe, osati umene ndinagulira mwezi watha. Anakhudzanso malamulo a ntchito: penshoni, bwana amaika 10 peresenti ndipo wantchito 5, komanso tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa ogwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Mbali imeneyi anaithamangira, chonsecho mafunso anali ambiri.

Zondidandaulitsa zilipo ndithu. Mapepala onse anali a Chingerezi chokhachokha, pomwe mphunzitsi ankafotokoza bwinobwino m'Chichewa. Mayi wina wogulitsa nsomba zouma amene ndinkakhala naye pafupi ankangowapinda n'kuika m'chikwama, ndipo zinkandiwawa chifukwa analipira mofanana ndi ine. Tsiku lina kunabwera mnyamata wa laputopu yemwe anatha m'mawa wonse akuonetsa zithunzi za makampani akuluakulu a kunja, osatchulako n'komwe zoti magetsi akazima ntchito tiigawe bwanji, kapena kasitomala wangongole timutani. Komanso Loweruka ndi tsiku la ndalama kwa ife osoka, anthu amadzatenga zovala za ukwati ndi za kutchalitchi. Gulu la WhatsApp lomwe analonjeza kuti azitiyankhirapo mafunso linatentha sabata zoyamba zokha, pano anthu amangotumizapo malonda awo.

Mukamapita, nyamulani kope lanu la malonda ngakhale likhale lothimbirira bwanji. Bambo aja amakhala nanu pansi nthawi yopuma n'kuliwerenga tsamba ndi tsamba, ndipo musanalipire funsani ngati iwowo ndi amene adzaphunzitse gulu lanu.