Tizipangizo toimitsira sitima pa siginolo yofiira, patatha miyezi ndikutigwiritsa ntchito

Mnzanga wina wa ku kalabu yathu ya sitima zazing'ono zoseweretsa kuno ku Britain wandifunsa ngati nayenso agule tizipangizo timene ndinagula chaka chatha toimitsira sitima pa siginolo, ndipo popeza yankho lake silingathe m'mawu awiri, ndaganiza zolemba zonse.

Njanji yanga ndi ya OO, ya muyeso wa 1:76, ndipo imayendera DCC, kutanthauza kuti magetsi amakhalamo nthawi zonse ndipo malamulo opita ku injini iliyonse amadutsa m'njanji momwemo kukafika pa dikoda yake, kachipangizo ka m'kati mwa injini kolandira malamulowo. N'chifukwa chake kudula magetsi pafupi ndi siginolo, monga tinkachitira kale, sikusangalatsa, pakuti sitima imangoti njii, nyali n'kuzima, kulira kwa injini n'kudukira panjira. Tizipangizoti timatsata njira ya ABC, imene inayambitsidwa ndi kampani ya Lenz ya ku Germany, ngakhale tanga si ta kampaniyo; ndinagula totchipa kwa wamalonda wina wa pa intaneti. M'kati mwake muli ma diode angapo amene amachepetsa pang'ono mphamvu ya magetsi mbali imodzi, ndipo dikoda ikazindikira kusiyanako imayamba yokha kugwira mabuleki. Munthu amadula njanji ya kudzanja lamanja m'malo awiri, n'kuikapo zolumikizira zapulasitiki, kenaka n'kupatsira magetsi m'chigawocho kudzera m'kachipangizo. Siginolo ikayaka yobiriwira, relay, swichi yoyendetsedwa ndi magetsi, imalambalala ma diode aja ndipo sitima imanyamuka.

Zambiri zikugwira bwino. Masiginolo a LED sanazimepo, relay sinakanepo, ndipo nditasintha CV27 m'madikoda (pamene pamauza dikoda kuti izimvera ABC), sitima za katundu zimafika pang'onopang'ono n'kuima nyali zili chiyakire. Madzulo ena ndikamaonerera zimenezi ndimaona ngati ndalama zanga sizinapite pachabe.

Vuto lili pa sitima ya anthu, imene mabogi ake ali ndi nyali m'kati. Injini imalowa m'chigawo choimira n'kuyamba kuchepetsa liwiro monga mwa dongosolo, koma bogi yoyamba ikangofika podukapo, injiniyo imadzidzimuka n'kuthamanganso, kenaka imagwira mabuleki, yachiwiri ikafika imathamanganso, mpaka kukaima itapitirira siginolo yofiira. Tsiku lina inakagunda kumbuyo kwa sitima ya malasha alendo akuona. Chifukwa chake ndinachipeza pochotsa mabogi imodziimodzi. Bogi iliyonse imatenga magetsi a nyali kudzera m'mawilo akutsogolo ndi akumbuyo omwe, ndipo ikakhala mwendo kuno mwendo uko pamalo odukawo, waya wa m'kati mwake amalumikiza chigawo choimira ndi njanji yonse. Kusiyana kwa magetsi kumatha, ndipo dikoda imayesa kuti njira yatseguka. Ndinamasula mabogi onse n'kudula mawaya kuti njanji iliyonse izitengedwa magetsi ndi mawilo akutsogolo okha kapena akumbuyo okha, koma nyali zinayamba kuphethira pa mphambano, zimene zinafuna kuti ndigulenso ma capacitor osungako magetsi pang'ono. Kudzidzimuka kwachepa ndithu, koma sikunatheretu, popeza wilo lachitsulo limakhudzabe mbali zonse ziwiri za podukapo kwa kanthawi. Sitima yokankhidwa ndi injini kumbuyo nkhani yake ndi ina: mabogi akutsogolo amakhala atadutsa kale siginolo injini isanalowe n'komwe m'chigawocho.

Kunena chilungamo, umu ndi mmene njira ya ma diode okha imachitira, ndipo tizipangizo todula timene timadikira kuti sitima yonse ilowe kaye tisanayambe kuimitsa tinapangidwira zomwezi. Chimene chimandiwawa n'chakuti wogulitsayo analemba pa malonda ake kuti katundu wake amagwira pa sitima ya mtundu uliwonse, ndipo kapepala kobwera nako sikanatchule za mabogi a nyali ngakhale pang'ono. Nditamulembera, anatenga nthawi kuyankha, ndipo atayankha anati cholakwa ndi madikoda anga. Nditamutumizira vidiyo anasintha mawu, n'kundiuza kuti ndigule kwa iye yemweyo mtundu wodula. Kachipangizo kamodzi katapsa sitima itaguluka pa mphambano, ananditumizira kena mwaulere, ndipo pamenepo ndimuyamikire. Koma totsala tosatsegula anati ndibweze pa ndalama yanga ya positi, imene inali pafupifupi mtengo wa katunduyo.

Ndikawerengera ma capacitor, mawaya ndi tizipangizo timene tangokhala m'dilowa, ndalama zake zikanakwana kugula todula tija pa njanji ya sitima za anthu. Mnzangayo ndamuuza kuti pa njanji ya katundu totchipa tikukwanira, ndipo ngati amatha kuwotcherera mawaya angathe kudzipangira yekha ndi ma diode a ndalama zochepa. Pa njanji ya anthu agule todula, koma kusitolo kumene angakabweze katundu pamanja, osati kwa wamalonda amene ndinagulako ine.