Sikani ya mtima pa chipatala cholipira cha ku Area 47: mwana wanga ali ndi mtima kumanja

Mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi wakhala akuvutika ndi chifuwa komanso chimfine chosatha kuyambira ali khanda, ndipo atamuyeza makhololo kawiri konse osamupeza ndi chifuwa chachikulu, ndinapita naye ku chipatala china cholipira cha ku Area 47 kuno ku Lilongwe kuti akamujambule X-ray ndi sikani ya mtima. Ndalemba izi kuti makolo anzanga aone okha ngati malowa ndi oyenera ndalama zawo.

Zosakondweretsa zilipo ziwiri. Tinafika 8 koloko m'mawa koma tinaitanidwa dzuwa lili paliwombo, komanso mitengo sinaikidwe poonekera, moti munthu umaidziwa utaima kale pawindo lolipirira. Izi n'zofunika kuzikonza.

Wojambula X-ray ataona chithunzi anaganiza kuti walakwitsa kuika kachilembo ka L kosonyeza kumanzere, ndipo anapepesa n'kujambulanso osatilipiritsa kachiwiri. Chithunzi chachiwiri chinatuluka chimodzimodzi, nsonga ya mtima italoza kumanja. Adokotala, mayi odekha kwambiri, anayendetsa kachipangizo ka sikani pamimba pa mwanayo n'kutembenuza kanema kuti nanenso ndione chiwindi chili kumanzere, chifu ndi kapamba zili kumanja. "Mayi, khazikitsani mtima pansi," anatero, "ziwalo zonse zasinthana malo mwadongosolo, ndipo mtima wake ulibe chilema." Kusinthana malo kwa ziwaloku akuti dzina lake ndi situs inversus, ndipo zimachitika kwa munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 10,000.

Chimene ndikuwayamikira kwenikweni adokotalawa ndi momwe anayankhira funso limene linandituluka ndi misozi, lakuti kodi ndinalakwitsa chiyani ndili woyembekezera. Anatenga cholembera n'kujambula kuseri kwa lisiti. Anafotokoza kuti m'sabata yachitatu dzira litakumana ndi umuna, pamene amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti ali ndi pakati, mluza umakhala wosakwana njere ya mpunga, ndipo pakati pake pamakhala kadzenje kotchedwa node, kokhala ndi tiubweya tozungulira timene timakankhira madzi kumanzere. Maselo a mbali imeneyo akamva madziwo, puloteni yotchedwa Nodal imachuluka kumanzere kokha. Nodal ndi imodzi mwa mapuloteni a banja la TGF-beta amene maselo amatumizirana ngati uthenga wowauza kakulidwe kawo, ndipo ndiyo imadzutsa jini (kachigawo ka malangizo a chibadwa opezeka m'maselo) ya Pitx2, yomwe imatsogolera mtima, mapapo ndi matumbo kumene ziyenera kukhala. Puloteni inzake, Lefty, imaima pakati ngati mpanda kuti Nodal isawolokere kumanja. Anatsindika kuti palibe chakudya, ntchito yolemetsa kapena munthu wa nsanje amene anachititsa zimenezi, mawu amene ndinakawabwereza kwa agogo ake a mwanayu madzulo omwewo.

Kenako analumikiza nkhaniyi ndi chifuwa chomwe tinabwerera. Tiubweya tikakhala tosagwedezeka chibadwire, mluza umasankha mbali mwamwayi chabe, n'chifukwa chake pafupifupi theka la anthu otere amabadwa ndi ziwalo zotembenuka. Tiubweya tamtundu womwewo ndi timene timasesa mamina m'mphuno ndi m'mapapo, choncho tikafooka mamina amadzadza ndipo matenda amabwerezabwereza. Nditawerenga kunyumba ndinapeza kuti sananame: dokotala Manes Kartagener wa ku Zurich anafotokoza matendawa mu 1933, Björn Afzelius wa ku Sweden anaonetsa mu 1976 kuti gwero lake ndi tiubweya tosagwedezeka, ndipo gulu la Nobutaka Hirokawa ku Tokyo linaona kayendedwe ka madzi aja m'miluza ya mbewa mu 1998.

Adokotala sanabise kuti chipatala chawo chilibe zipangizo zotsimikizira vuto la tiubweyali, ndipo m'malo motiyezayeza zina kuti tilipire zambiri, anatilembera kalata yopita nayo ku Kamuzu Central. Namwino anandiphunzitsa kugogoda kumsana kwa mwana ndi chikhatho chopinda kuti makhololo atuluke. Pachikuto cha buku lake la kuchipatala analembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti ziwalo n'zotembenuka, chifukwa akadzadwala apendikisi ululu ungadzamveke kumanzere, komanso oyeza kagundidwe ka mtima ndi makina a ECG ayenera kuika mawaya motembenuza.

Amene mukufuna kupita kumeneko, funsani mtengo musananyamuke, tengani zithunzi zakale za X-ray ngati muli nazo, ndipo mukonzeke kudikira. Ife tibwererako mwezi wamawa ndi zotsatira za ku Kamuzu Central, chifukwa adokotala anapempha kuti adzazione okha.