Ma ejenti oyang'anira nyumba za lendi mu Mzuzu: amatolera bwino ndalama, koma denga saliyang'ana

Eni nyumba ambiri a ku Katoto, Chimaliro ndi Luwinga sakhala mu Mzuzu. Ena ali ku Lilongwe, ena ku Johannesburg, ndiye makiyi amasiyira ejenti woti azipeza alendi, kutolera lendi ndi kuitana wokonza zikawonongeka, iye n'kumadulapo gawo lake mwezi ndi mwezi.

Pa nkhani yotolera ndalama, ma ejenti okhala ndi ofesi amagwira ntchito yotamandika. Amalembetsa pangano, amalandira dipoziti, amapereka risiti, ndipo mlendi sangawanyengerere ndi nkhani za maliro monga amachitira kwa mwininyumba amene amapemphera naye mpingo umodzi. Pafupi ndi yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) nyumba sikhalitsa yopanda munthu, ngakhale muyenera kugwirizana kale za miyezi ya holide, ophunzira akapita kwawo.

Pofooka pawo ndi pa nyumba yeniyeniyo, ndipo apa m'pomwe pamapweteka mtima. Mvula ya ku Mzuzu imatenga nthawi, imafika mpaka Epulo ngakhale Meyi, ndipo makoma sauma msanga. Msomali umodzi wa lata ukasukusika, madzi amatsata mtengo wa denga n'kudontheza pa siling'i. Choyamba mumaona kabwalo kachikasu pakona ya chipinda, kenako bolodi imafufuma, nkhungu yakuda n'kutsika kuseri kwa wadiropu. Mlendi amangosuntha bedi. Ejenti amene amadikira lendi pa Airtel Money kapena Mpamba sadziwa kanthu kufikira siling'i itagwa. Onjezani chiswe: matabwa a paini a ku Chikangawa akakhala osapakidwa mankhwala, chimadya mafelemu mkati, kunja penti ali bwinobwino. Gogodani ndi kiyi. Thabwa likamveka ngati ng'oma, latha.

Choncho m'pangano mulembe kuti ejenti aziyendera nyumba kawiri pa chaka, mu Okutobala mvula isanayambe ndi mu Juni itasiya, n'kukutumizirani zithunzi za malata, magatala, pansi pa sinki ndi chivundikiro cha septic tank. Kumalo achinyontho soak pit (dzenje lolandira madzi ochokera mu tankiyo) imadzaza ndi madzi a pansi, chimbudzi n'kuyamba kubweza. Kupopa tanki kokha sikuthetsa vutoli.

Madzi nawo samalani. Ngati mita ya Northern Region Water Board si ya prepaid ndipo ili m'dzina lanu, ngongole imene mlendi wasiya ndi yanu. Ejenti ajambule manambala a pa mita tsiku lolowa ndi lotuluka, ndipo dipoziti isabwezedwe bilu yomaliza isanaoneke. Magetsi a ESCOM a mayuniti alibe vutoli, pokhapokha nyumba yaikulu ndi boys' quarter zikugawana mita imodzi. Pamenepo mkangano sutha, ikani mita ziwiri.

Ma city rates a ku khonsolo ya mzinda ndi msonkho wa MRA pa ndalama za lendi zimakhalabe pamutu panu ngati simunalembe kuti azilipira ndi ejentiyo.

Ntchitoyi ndi yoyenera kwa amene ali kutali kapena ali ndi nyumba zingapo. Ejentiyo muikireni malire a ndalama zokonzera. Zikapitirira, akuimbireni foni ndi kutumiza makoteshoni awiri pulambala asanagwire sipanala.