Kuthirira bwalo lathu: mpope, pampu ya petulo, kapena madzi osambira?

Chiyambireni kapinga wa pa bwalo lathu kubiriwira m'chilimwe, foni yanga sikupuma. Aliyense akufunsa komwe tikutenga madzi, poti dzuwa la Okutobala kuno ku Mangochi silisiya kanthu. Ndikuyankheni nonse pamodzi, anzanga.

Bwalolo ndi laling'ono, posewerera ana ndi mitengo ingapo ya mthunzi. Ndalama zolisamalira timasonkha tokha oyandikana nalo mwezi ndi mwezi, ndipo tayesa njira zitatu.

Za madzi a pa mpope sinditaya nthawi. Ndi abwino, koma mchenga wa kuno umamwa osakhuta, ndipo bilu ya mwezi woyamba inadya chisonkho chonse.

Pampu ya petulo ndiyo inandilasa mtima, chifukwa amene anaikakamira pa msonkhano ndine. Shire ali pomwepa, akutsika usana ndi usiku kuchoka m'nyanja ya Malawi kupita ku Malombe, ndiye ndinaima n'kunena kuti tisafe ludzu mwendo uli m'madzi. Anthu anawomba m'manja. Wogulitsa uja, dzina ndisunge, ananditchulira mtengo wa pampu yokha. Paipi yokokera madzi inali yogula padera. Kasefa ka kumapeto kwake, padera. Mapaipi okwezera madzi kumtunda, paderanso. Ndinabwerera ku shopuko katatu, ulendo uliwonse nditayamba ndagogoda m'makomo kupempha zowonjezera, mpaka agogo ena atandiona patali ankangoti, "Achimwene, lero chasowanso chiyani?"

Titangoyamba kuthirira, mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, petulo n'kukwera. Masiku ena ankasoweratu, mnyamata wathu wothirira n'kuswera pamzere ndi chigubu chopanda kanthu. Petulo akapezeka, namasupuni ndi zinyalala zinkatseka kasefa kaja, ndipo kuti uchotse uyenera kulowa m'madzi mpaka m'chiuno. Amene amamudziwa Shire akudziwa kuti muli ng'ona. Sindikanatuma mwana wa eni ake kukafera kapinga. Pampuyo lero ili kuseri kwa chitseko changa, akazi anga amaikapo beseni.

Nzeru yachitatu inachokera kwa bambo wina wachikulire amene pa misonkhano sankalankhulalankhula. Anatikumbutsa kuti pa mzikiti woyandikana ndi bwalolo anthu amasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi asanaswali kasanu pa tsiku, ndipo madzi onsewo ankangopanga matope kuseri kwa khoma. Akuluakulu a pa mzikitipo atavomera, tinakumba kangalande, n'kuika dramu yothiramo miyala, makala ndi mchenga kuti madzi azisefeka asanagwere m'kathanki ka pansi. Tinagula simenti ndi paipi kamodzi kokha. Pambuyo pake nyumba ziwiri zinalumikizako madzi a m'bafa.

Sindikuti ilibe zovuta. Tinayesa kuthiramo madzi ochapira, ndipo mbande zinapsa nsonga za masamba, chifukwa sopo waufa ali ndi mchere umene umaunjikana m'dothi. Madzi akagona m'thanki amayamba fungo, akakhalitsa udzudzu umaswana, choncho timathirira tsiku lomwelo. A kuchimbudzi sayandikirako n'komwe. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatikwapula kwambiri kuno, ndiye timathira pa tsinde, osati kuwaza m'mwamba, ndipo pa ndiwo zamasamba sitithira. Kuchuluka kwake nakonso n'kwa apo ndi apo: Lachisanu thanki imadzaza, masiku ena mitengo imamwa koma kapinga wa kumapeto amangopenya.

Ena ankanyansidwa poyamba, amvekere ana athu asasewere pa madzi osambira anthu. Ndinawauza za mzinda wa Windhoek ku Namibia, komwe kuyambira 1968 amayeretsa madzi ogwiritsa ntchito kale mpaka kuwamwa. Ife tikungopatsa mitengo ndi kapinga.

Mwina ndikukondera chifukwa cha manyazi a pampu ija, ndivomere. Koma chisonkho chimene chinkathera petulo mwezi watha chagula mipira iwiri ya ana ndi khasu latsopano. Amene akuifunabe pampu abwere madzulo tikambirane mtengo. Paipi yokokera madzi mukagula padera.